Uthenga wa Lachiwiri Lililonse

Foni inanjenjemera m'thumba ndili m'matope ofika m'maondo, mbande za mpunga zili kumanja. Ndinkaisunga m'pepala la shuga kuti isalowe madzi. Ndinapukuta dzanja pamalaya n'kuitulutsa, koma magalasi ndinali nditawasiya kunyumba. Zilembo zinkangooneka ngati nyerere.

"Bweretsani kuno," anatero a Mwayi, amene ndime yawo inagundana ndi yanga pa sikimu ya Lifuwu. Takhala tikulima moyandikana zaka khumi ndi zisanu, ndipo sitinakanganepo, chifukwa iwo amalankhula, ine ndimamvera.

Anawerenga chamumtima, kenako anandiyang'ana pamimba.

"A Hashim, bwanji osatiuza anzanu? Akuti mimba yanu yakwana miyezi inayi. Akuti muzigona m'neti, muzidya zamasamba, ndipo mukamva kugunda musaope, ndi mwana."

"Asokoneza nambala."

"Achipatala sasokoneza. Inetu ndimaona kuti masiku ano mukuyenda mokhwekhwereza. Mundiuze msanga, ndiyambe kusaka dzina."

Anaseka mpaka anakhala pansi m'madzi. Ine ndinabweza foni m'pepala n'kupitiriza kuwokera. Ndinamaliza mizere itatu. Pa mzere wachinayi dzanja linaima lokha. Lachinayi la sabata yapitayo, mwana wanga Mwaiwathu anabwereka foniyo, akuti apite nayo kumsewu kumene netiweki imagwira bwino akaimbire mwamuna wake Bilali. Foni yawo inali itapita ndi Bilali ku Joni. Mwaiwathu anachoka m'mawa, anabwerako dzuwa litapendeka. Lachinayi ndi tsiku la sikelo ya amayi oyembekezera.

Kwathu kuno bambo safunsa mwana wake wamkazi za pakati, ndipo mwana sauza bambo ake. Nkhaniyo imayenda pakati pa akazi, pang'onopang'ono, kuseri kwa nyumba. Bambo amaiona ndi maso ikakula, n'kuyang'ana kumbali. Amene akanaimva anali mayi ake, a Sumaiya, koma iwo anali atatha zaka zisanu ndi chimodzi ali m'manda. Atamwalira, abale awo anabwera kudzandisudzula kuti ndibwerere kwathu ku Chipoka, poti ndinali mkamwini chabe. Ndinawamvera mpaka anamaliza. M'mawa mwake ndinafolera denga la khitchini. Anabweranso kawiri, kenako anatopa.

Ndiye madzulo a tsiku la uthengalo sindinamufunse Mwaiwathu za mimbayo. Nyumba ya Mwaiwathu ili moyang'anana ndi yanga, ndipo Bilali anaikapo kasola kakang'ono padenga. Ndinapita n'kuika foni pawindo lake.

"Moto watha," ndinatero.

Moto unali usanathe. Iye anaiona, ine ndinaona kuti waiona.

"Chabwino, ababa," anayankha.

Unakhala mwambo wathu. Lachiwiri lililonse uthenga unkafika chakum'mawa. Ndinkavala magalasi, kukhala pansi pa mtengo wa bwemba, n'kuuwerenga kawiri. Madzulo moto unkatha. M'mawa ndinkaipeza foni pakhonde langa, itakutidwa bwino m'pepala lake. Zimene uthenga wanena ndinkachita osatsegula pakamwa. Utanena za neti, ndinasoka mabowo a neti ya mayi ake n'kuisiya pa chingwe chake choyanikira zovala. Utanena za kunyamula zolemera, migolo yake inayamba kudzaza madzi asanadzuke. Akazi a pamjigo ankandiseka, nkhalamba ya kofia pamzere wa ndowa. Ndinkawapatsa moni n'kupopa.

Bilali ankaimba Lachisanu tikatuluka mumzikiti. Ine ndinkangoti "Tili bwino, nayu," n'kukapereka foni. Ndinkamva mwana wanga akuseka m'nyumba. Ukakhala wekha nthawi yaitali, kuseka kwa munthu kuseri kwa khoma kumakwanira. Inali miyezi yabwino. Mpunga unagwira, mvula sinavute.

Vuto loyamba linali la mazira. Uthenga unati mayi woyembekezera azidya mazira, ndiye ndinasiya anayi m'kambale pakhomo pake. Anawapeza ndi alamu anga a Jamila, akulu awo a malemu mkazi wanga, amene ankamuyang'anira Mwaiwathu pa zachikazi.

"Alamu, mazirawa ndi a ndani?"

"A nkhuku."

"Musandiyankhe ngati mwana. Mukufuna kubadwe munthu wa mutu ngati chipanda?"

"Sindikudziwa zoti kukubadwa munthu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mchemwali wanga anapirira," anatero, n'kutenga mazirawo. Tsiku lotsatira ndinawiritsa ena n'kuwaika pansi pa usipa. Mbale inabwerako yopanda kanthu.

Mwezi wa Epulo uli kumapeto, uthenga unabwera wosiyana ndi ena onse. Unati mayi akatupa mapazi, manja kapena nkhope, mutu ukamamupweteka kwambiri, kapena akamaona mwachimbuuzi, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Pansi pake panali nambala yoimba mwaulere. Ndinawerenga, ndinaika foni pawindo monga mwa nthawi zonse.

Koma maso anga anali atatseguka. Lachitatu ndinaona patapata zake zili pakhonde, iye akuyenda chopanda nsapato. Lachinayi sanapite kusikelo. Chitenje anayamba kumanga motsika mpaka chikukwekwa pansi. Akupeta mpunga, ndinaona kuti chibangili chimene chinkasewera pamkono chalowa m'mnofu. Loweruka anaphonya ndowa pothira madzi, n'kuima atagwira chipumi.

Uthenga anali atauwerenga. Nanga chinkamugwira n'chiyani?

Yankho ndinalimva Lamlungu m'mawa ndikunola chikwakwa kuseri kwa khitchini. A Jamila ankalankhula motsitsa mawu, koma mpanda wa udzu susunga chinsinsi.

"Kutupa kotere sikubwera kokha, mwanawe. Mwamuna akayenda ndi akazi ena mkazi wake ali chonchi, zimatulukira m'miyendo. Wakusempha ameneyo. Ukapita kuchipatala anthu onse aona, mawa mudzi wonse ukhala ukumunena. Bisa kaye. Ndapeza mizu, tiviika."

"Bilali sangatero, amayi."

"Joni ndi Joni."

Ndinaika chikwakwa pansi. A Jamila sanali munthu woipa. Anamulera mwanayo ngati wawo, ndipo ankanena zimene nawonso anauzidwa. Mwana wanga ankabisa mapazi kuti ateteze dzina la mwamuna wake. Ine ndinkabisa maso kuti nditeteze ulemu. Mayi ake nawonso anadwala chaka chathunthu akumanga chitenje mothina pamimba, ine ndikuona, osafunsa. Pomwe ankafika kuchipatala, adokotala anangopukusa mutu.

Ndinakakhala pansi pa bwemba, ndinavala magalasi, ndinaimba nambala ija. Anayankha mayi wa mawu odekha, anati ndi namwino.

"Pali munthu watupa mapazi," ndinatero.

"Ndi woyembekezera?"

Ndinayang'ana uku ndi uku. "Eya."

"Inu ndinu amuna awo?"

"Bambo ake."

"Mwachita bwino kuimba, bambo. Miyezi ingati?"

"Isanu ndi itatu."

"Nkhope yatupa?"

"Sindimuyang'ana kumaso."

"Mutu ukuwapweteka? Akuona bwinobwino?"

"Sindinafunse."

"Ali kutali bwanji ndi pamene mulipo?"

"Mapazi makumi awiri."

"Ndiye yendani mapazi makumi awiriwo. Sindidula, ndikudikirani."

Ndayendapo pansi kuchoka ku Chipoka mpaka ku Salima ndili mnyamata, thumba la nsomba zouma lili pamutu. Ulendo umenewo unali waufupi. Pakhomo ndinapeza a Jamila akutuluka ndi mphika wa mizu.

"Alamu, mwasochera? Muno simulowa amuna."

"Ndikudziwa."

"Ndiye?"

"Ndikulowa."

Ndinavula nsapato. Chikwatiwireni mwana wanga ndinali ndisanapondemo m'nyumbamo. Anali atagona pamkeka, kansalu konyowa kali pachipumi. Atandiona anadzuka mofulumira n'kukokera chitenje kumapazi. Ndinamuyang'ana kumaso. Zikope zinali zitatupa ngati walumidwa ndi njuchi.

Ndinagwada pambali pake. Mawu ndinali nawo ochepa, ndiye ndinawatulutsa onse.

"Mwaiwathu, uli ndi pakati. Ndakhala ndikudziwa kuyambira tikuwokera. Mauthenga onse ndimawerenga. Watupa, ndipo anesi ali pafoniyi. Uwayankhe zoona."

Anabisa nkhope m'manja. "Ababa, anthu adzati Bilali..."

"Za Bilali tidzamufunsa Bilali. Lero tikufunsa za iwe."

Ndinakweza mawu a foni n'kuiika pamkeka. Namwino uja anafunsa mafunso ake, mwana wanga akuyankha motsitsa. Mutu, masiku anayi. Maso, ngati muli utsi. Mwana akugunda, inde. A Jamila anali ataima pachitseko, mphika uli m'manja.

"Mayi, zimenezi zimachitika magazi akamathamanga kwambiri," anatero namwinoyo. "Zimagwira ngakhale amayi amene amuna awo sachoka pakhomo. Musadikire mawa. Nyamukani panopa, mutenge buku lanu la sikelo."

Kenako a Jamila anaika mphika pansi.

"Kamtsikana ka pawayilesi kakudziwa chiyani za amuna," anang'ung'udza. "Iwe, zitenje zako zili kuti? Beseni lili kuti? Alamu, mwaimiranji ngati mtengo? Kaitaneni njinga."

Ndinaimbira wa kabaza wa njinga yamoto. Anatenga awiriwo, ine ndinatsatira pa njinga yanga yakapalasa. Kuchipatala chaching'ono anamuyeza kawiri, namwino wa pamenepo anayang'ana makina, anayang'ana ine, n'kuimbira ambulasi ya ku boma. Anamubaya jakisoni asananyamuke. Sanandiuze zambiri. Anangoti, "Mukanagona nazo masiku awiri ena, bwenzi tikukamba zina."

Ku Salima anamugoneka. Patatha masiku atatu anati magazi atsika, koma sabwerera kumudzi mpaka atachira. A Jamila anatsala naye, akuphika kukhitchini ya odikirira odwala ndi kulangiza akazi a anthu ena. Ine anandithamangitsa.

"Pitani kumunda, alamu. Pano mukungotitsekera mphepo."

Ndinabwerera. Bilali ataimba Lachisanu ndinamuuza zonse, ngakhale za Joni zija. Iye anati, "Ababa, ine ndimagona m'chipinda cha anthu asanu ndi awiri, tonse amuna, wina amaliza mkonono ngati chigayo." Ndinamuuza kuti ndamva. Sindinamufunsenso.

Pabedi loyandikana ndi la Mwaiwathu panali mayi wina wa ku Chinguluwe, dzina lake Ella, amene anali ndi foni. Tsiku lililonse dzuwa likakwera, mwana wanga ankandiflasha pa nambala imeneyo, ine n'kuimba.

"Wadzuka?"

"Ndadzuka, ababa."

"Mutu?"

"Wasiya. Mapazi aphwa, zala zayamba kuoneka. Amayi akangana ndi mlonda."

"Wadya?"

"Ndadya. Inu mwadya?"

"Eya."

Zinkathera pamenepo. Ella akuti anafunsa ngati timalipira liwu lililonse palokha. Koma pa masabata atatu amenewo ndinalankhula ndi mwana wanga mawu ambiri kuposa a zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo palibe limene tinalizungulira.

Mpunga unali utayamba kucha. Nthawi imeneyo mlimi sachoka m'munda, chifukwa mpheta zimabwera ngati mtambo, ndipo zikatera kwa ola limodzi zimadya thumba lathunthu. Ndinamanga zingwe kuzungulira ndime, n'kupachikapo zitini zokhala ndi timiyala. Kuyambira m'bandakucha ndinkaima pachulu chapakati, chingwe chili m'manja, ndikukoka.

Lolemba lina foni sinalire nthawi yake. Dzuwa linakwera, linafika pamutu. Ndinaimba nambala ya Ella, sinayankhidwe. Ndinakoka chingwe, ndinaswali pamphepete pa ngalande, ndinabwerera pachulu, ndinakokanso. Chakumasana inalira, osati kuflasha, kulira kwenikweni. Ndinang'amba pepala la shuga poitulutsa.

"Ababa."

Mawu anali otopa, koma anali ake.

"Ndili pano."

"Ndachira. Wamkazi. Musadule, mverani."

Kunamveka kukhwekhwereza kwa nsalu, mawu a a Jamila akuuza munthu wina kuti agwire bwino mutu, kenako kulira. Kanali kamawu kakang'ono, kaukali, kosapumira, ngati ka munthu amene wafika pamalo n'kupeza kuti sanamukonzere.

"Alihamudulillahi," ndinatero.

Ndinakanikiza foni kukhutu ndi manja onse awiri. Chingwe chinagwera m'madzi. Mtambo wa mpheta unazungulira kamodzi pamwamba panga n'kutera pa ndime yonse, ngala zikuwerama ndi kulemera kwake. Kutsidya kwa ngalande anzanga a Mwayi ankakuwa dzina langa, akugwedeza chipewa, akuloza mbalamezo. Ndinawatembenukira msana, n'kutseka khutu linalo ndi phewa kuti ndimve bwino.