Masamba a M'kati mwa Mpanda

Madzi a m'nyanja analowanso m'nyumba m'mawa umenewo. Ngatemi anakweza thumba la mpunga patebulo osatukwana n'komwe. Kutukwana madzi anasiya chaka chimene njira yopita ku Demak inamira.

Kuchipinda khanda linkalira ndi mawu osasa. Mwana wa Ngatemi, Lastri, anali atachira sabata yapitayo, koma mkaka sunkatuluka bwino. Mankhwala ake aliyense amawadziwa: kusinja nsonga za luntasi, kuthirako bwemba ndi shuga wofiira, n'kumwetsa mayiyo. Chitsamba chimenechi sichiopa mchere, ndipo kale nyumba iliyonse inali ndi mpanda wake. Wa Ngatemi anaudula mwamuna wake, Karsiman, kuti ngolo ya dothi lokwezera pansi pa nyumba ilowe.

"Bambo a Lastri, munalephera kusiyako ngakhale chitsa chimodzi?"

"Ngoloyo ikanauluka? Dothi unkalifuna ndiwe."

"Dothi lake ndi limene tikusambamoli?"

Karsiman anangopitiriza kusoka ukonde. Kenako anati, "Kwa Sarwi mpanda ulipo."

Sarwi anali mlongo wake wa Karsiman. Sarwi ndi Ngatemi anasiya kulankhulana atakangana za malire a dziwe la nsomba. Dziwelo nyanja inameza kalekale, koma mkangano unatsala.

Ngatemi anavula nsapato, natenga kadengu. M'mudzimo masamba a mpanda oloza kumsewu ndi a aliyense wodutsa, sapempha. A m'kati ndi a mwini wake. Ngatemi ankati angothyola akumsewu n'kubwerera, pakamwa pali potseka.

Anayenda m'madzi ofika m'mawondo, akufufuza msewu ndi zala za kumapazi. Atafika anapeza mbali yakunja yonse ili timitengo tokhatokha. Anthu anali atapulula kale, poti mudzi wonse mpanda unatsala umodzi womwewo. M'kati masamba anali biriwiri. Sarwi anali pakhonde, miyendo pabenchi, akusenda nkhanu.

Ngatemi anaima nthawi yaitali. Nsana unkamuwawa. Analingalira zongopisa dzanja, koma khanda la masiku ochepa silingakulire zakuba.

"Odi."

"Ndani ameneyo? Mawuwo ndinkayesa mwini wake anamwalira."

"Ndine, alamu."

"Lero ndakhala alamu? Lowani, chitseko cha mpanda chinapita ndi madzi. Mwabwera kudzayeza malire?"

"Lastri alibe mkaka."

Sarwi anasiya nkhanu. "Wachira liti?"

"Sabata yatha. Mwamuna."

"Ine n'kumva lero? Azakhali ake enieni, kumva ngati munthu wodutsa! Nanga mpanda wanu?"

"Mlongo wanu anadula."

"Chitsiru chija chinayamba kale. Ali mwana anagulitsa bakha kuti agule khola."

Sarwi anatsika m'madzimo nayamba kuthyola yekha, nsonga zanthete zokhazokha, akudandaula za mawondo ake. Ngatemi atatambasula dzanja kuti athandize, anamumenya pamkono.

"Mumathyola ngati mbuzi inu. Gwirani dengu."

Masamba anangophimba pansi pa dengu, Sarwi n'kuleka.

"Onjezeraniko, alamu, ndisamakuvutitseni."

"Masamba ogona sagwira ntchito, mukudziwa. Ndiponso ndikapulula lero, mawa mwanayo amwa chiyani? Muzibwera m'mawa uliwonse." Anadula nthambi zingapo naponya m'dengumo. "Izi mukazike m'ndowa, mukoleke pamwamba. Mwamuna wanuyo asaziyandikire."

Ngatemi anafika kunyumba madzi akuyamba kuphwa, matope ali pansi ponse. Anasinja masamba, nasefa ndi kansalu. Lastri anamwa atatsinzina, nkhope itakwinyika ndi kuwawa kwake. Khanda linayamwa pang'ono, linasiya, linaliranso.

Mkaka sunabwere tsiku limenelo. M'mawa mwake madzi analowanso. Ngatemi anakweza mpunga patebulo, anavula nsapato, natenga kadengu kukanenanso odi.