Chikwangwani cha pa Kaswa

Dominic Mwavi anafika pa chipatala chaching'ono cha Kanyimbi njinga yamoto ikufuka utsi, nsapato imodzi itatsala m'njira. Ambulansi inali pansi pa mthethe, yoyera mbee, dalaivala wake Simeon akupukuta magalasi.

"Simeon, liza galimoto! Mwana wanga Vailet matenda a uchembere amuyamba m'mamawa, mpaka pano sizikutheka. Mayi ake akuti kwatsogola kadzanja."

"Kadzanja? Mayo ine! Ali kuti?"

"Kunyumba kwanga."

Simeon anagwetsa nkhope. "Kwanutu n'kuseri kwa chikwangwani, bwana Mwavi."

Dominic anayamba ngati tenanti wosavala nsapato, koma tsopano anali ndi zigafa zisanu ndi ziwiri za fodya ndi lole yakeyake. Lusaka ankaidziwa ngati kuseri kwa nyumba, ku Tete anadyako nsomba, ku Joni anagonako pa siteshoni n'kubwerako ndi suti. Boma litagawa dera lawo kukhala makhonsolo awiri, Kanyimbi ndi Mphangwe, iye ndiye anafuula kwambiri pa msonkhano. "Mphamvu ku anthu! Ndayenda ine, ndaona. Ambulansi yathu isamakanyamulenso nkhuni za mabwana kutali. Isapitirire chikwangwani cha malire, ndipo chikwangwanicho ndigula ndine!" Anthu anaomba m'manja mpaka nkhuku kuthawa.

Atafunsidwa za malire, anati ndi mtsinje wa Kaswa. Iye ankanena Kaswa wamadzi, wodutsa kuseri kwa nyumba yake. Ojambula mapu anatenga Kaswa wakale, khwawa la mchenga lomwe madzi analisiya chaka cha chigumula. Chikwangwani chinazikidwa pamenepo, ndipo nyumba ya Dominic inagwera ku Mphangwe.

"Imbirani a ku Mphangwe," anatero Simeon.

"Ndaimba! Akuti ambulansi yawo ikadali pa pepala, ibwera chaka chamawa."

"Nanga lole yanu?"

"Ili pa mzere ku okushoni ndi mabelo, tsiku lachitatu lero. Simeon, mwana wa mlongo wanga sungandichite zotere."

"Lero ndakhala mwana wa mlongo wanu? Yobe, dalaivala mnzanga uja, anachotsedwa ntchito chifukwa chokatenga nkhalamba kuseri kwa chikwangwani chomwecho. Anakamunenera ndani ku khonsolo? Si inu?"

Dominic anayang'ana phazi lake lopanda nsapato.

"Chaona mnzako chapita, bwana. Ine ndili ndi ana asanu."

Namwino Fainala anali atatuluka kale ndi chikwama chake. "Amuna inu, mukamakangana mwana akubanika. Wapampando wa khonsolo mwamuimbira?"

"Ali ku semina kunyanja, foni yazima," anayankha Dominic. Kenaka anagwada pa fumbi, munthu amene ankati sanagwadirepo ngakhale apolisi a pa chipata cha dziko. "Ndifikitseni pa chikwangwani pokha. Pokhapo basi."

Anauyamba ulendo, Dominic patsogolo, ambulansi pambuyo. Minda inali itakololedwa, mapesi a fodya ali njo ngati asilikali ogonja. Pa khwawa la mchenga Simeon anaponda buleki. Chikwangwani chinali pomwepo, chachitsulo, chobiriwira: MALIRE A KHONSOLO YA KANYIMBI. Pansi pake, zilembo zazikulu kuposa zam'mwamba: MPHATSO YA D. MWAVI.

Denga la nyumba yake linkaoneka patali, mtunda wa makilomita awiri. Foni inalira. Anali Agnesi, mkazi wake.

"Abambo a Vailet, muli kuti? Wasiya kulira. Akungondiyang'ana."

"Muikeni pa ngolo!"

"Ng'ombe zili kudambo. Ndipo pa ngolo safika, ndikukuuzani ine mayi wake."

Fainala anatsika. "Ndikwezeni pa njingayo ndikamuone. Koma kadzanja kakatsogola, n'zofuna mpeni wa dokotala ku boma. Popanda galimoto ndikangomugwira dzanja."

Dominic anayang'ana dzina lake pa chitsulo chija. Anatembenuka.

"Simeon, lamulo lija limati chiyani? Unene mmene linalembedwera."

"Ambulansi isapitirire chikwangwani."

"Linatchula mtsinje?"

"Ayi. Munakana ndinu, munati mitsinje imasuntha koma chitsulo sichisuntha."

Dominic anavula jekete. Anakumbatira mtengo wa chikwangwani n'kuyamba kuugwedeza, uku ndi uku, akubuula ngati ng'ombe yokoka pulawo. Simenti anaithira yekha matumba awiri, n'kumadzitama nayo. Simeon anaonerera kamphindi, kenaka anatulutsa chitsulo chomasulira matayala n'kuyamba kukumba m'mbali.

"Ine sindinaone kanthu," anatero akukumba.

"Ukaona chikwangwani kutsogolo kwako, uzingochitsata," anatero Dominic.

Chinazuka ndi chibuma chake. Dominic anachisenza paphewa, magazi akuchucha m'zikhatho, nakwera njinga Fainala atamugwirira chitsulocho kumbuyo. Anawoloka mchenga. Ambulansi inkabwera pambuyo pang'onopang'ono, osachipitirira ngakhale ndi phazi limodzi. Amayi amene ankasankha fodya m'zigafa anaimirira kuonerera malire a khonsolo akudutsa pa msewu.

Pakhomo, Dominic anakachiimika kuseri kwa khitchini. Anamutulutsa Vailet pa mphasa, milomo itauma, maso ali gwa. Fainala anaika chomvera pamimba, namvetsera nthawi yaitali.

"Kamtima kakumveka, koma kali kutali. Simeon, usaone mabampu."

Agnesi anakwera. Malo a Dominic munalibe. Fumbi litatsika anapezeka ali yekha pabwalo, phazi limodzi lopanda nsapato.

Mnansi wake Lazaro anafika akuthamanga. "Achimwene, a khonsolo akamva izi akumangitsani. Tiyeni tikachibwezere msanga."

Dominic anachikoka chikwangwani chija mpaka m'chigafa, nachigoneka chafufumimba, dzina lake likuyang'ana dothi.

"Akachifuna adzachitenge kuno," anatero. "Adzayambe andiuza kuti Vailet ndi wa khonsolo iti."

Anakhala pa belo la fodya, foni ili m'manja, kudikira kuti ilire.