Chimanga cha Mtengwa

Njala ya chaka cha 2002 itafika poti adzukulu asiya ngakhale kulira, Esitele anakwera pamtondo, n'kumasula zikonyo za mbewu zimene zinkalendewera kudenga la khitchini, n'kuzikazinga. Palibe amene anamudzudzula. Koma mwezi wa Okutobala utafika, anthu a kwa Dambe ali kalikiliki kukonza mizere, iye ankalowa m'khitchinimo n'kuyang'ana chingwe chopanda kanthu, mtima n'kumamupweteka ngati m'nyumbamo mwatuluka maliro.

Sichinali chimanga wamba. Chinali cha makolo, cha njere zoyera zosakanikirana ndi zofiira, cholimba moti anankafumbwe ankachilephera. Mbewu ya m'mapaketi inabwera ndithu, ndipo akanatha kudzala imeneyo n'kukhuta, koma Esitele ankafuna ya amayi ake. Anachokera nayo kwawo, kuseri kwa mapiri a Mchinji, mbali ya Zambia, chaka chimene a Timoteyo anamutenga kupita naye ku chitengwa. Ulendo umenewo anauyenda wapansi. Potsanzikana, amayi ake anamumangira zikonyo zinayi m'kansalu, namuuza mwambo wa kwawo: mbewu sisungidwa nyumba imodzi, paliponse pamene mlendo walandiridwa amasiyapo chikonyo. Esitele anamvera, ndipo kwa Dambe anafika ndi chimodzi chokha. Kuyambira pamenepo a Timoteyo anamupatsa dzina lakuti wamanja obooka, ndipo dzinalo linakalamba naye limodzi.

Tsopano Esitele atawauza a Timoteyo kuti akufuna kubwerera njira yomweyo kukafunafuna mbewuyo, bambowo analongolola mpaka dzuwa kupendeka. Anatchula maondo, anatchula njinga imene inapita ndi njala, anatchula ukalamba. M'mawa mwake ndiwo anayamba kudzuka, nsapato za matayala zili kuphazi, chinangwa chowiritsa atamanga kale m'mpango.

Njira yakale inali idakalipo, kungoti inali kubisala. Pena inkalowa m'munda wa munthu, pena n'kutulukira kuseri kwa tchalitchi chatsopano. Padambo la Rusa a Timoteyo anaima n'kuloza pamene anamuwolotsa atamubereka kumsana, madzi ali m'chiuno. Esitele anawakumbutsa kuti anamuwolotsadi, koma mtolo wake wa zovala unapita ndi madzi, ndipo mpaka lero sanapepese. Anaseka onse awiri, ndipo kwa kanthawi mwendo unapepuka. Mudzi umene anagona tsiku lomaliza la ulendo wakale uja anaupeza utasanduka esiteti ya fodya, yokhala ndi mpanda wa waya ndi zigafa zoyanikamo fodyayo. Mlonda wa pamenepo sankadziwa n'komwe kuti panali mudzi.

Pa Kamwendo anafunsa golosale ya a Athumani, amene kale anawagoneka kuseri kwa kauntala, akazi awo a Ashura n'kumusokera Esitele nsalu imene inang'ambika ndi minga. Onse awiri anali atatsikira kulichete. Mwana wawo Shafi, amene nthawi ijayo anali kumsana, tsopano anali bambo wa imvi m'ndevu. Anawalandira ngati abale, mkazi wake Shamira n'kuwatenthetsera madzi oviika mapazi. Chimanga cha njere zofiiracho Shafi ankachikumbukira bwino, poti amayi ake ankachidzala kuseri kwa golosale, koma malowo anamangapo nyumba za lendi, ndipo mbewuyo inathera pomwepo. Anafuna kuwapatsa paketi ya mbewu ya m'shelefu yake. Esitele anathokoza ndi manja awiri, koma anati ayambe wakafika kwawo.

Pa boma anangodutsa, poti phokoso la mavidiyo ndi mabelu a njinga za kabaza linamuzunguza mutu. Atayamba kuyandikira mapiri, m'dera la kwa Mlonyeni, Esitele anaima pamphambano ina. Kumanzere kwake, kutsinde kwa phiri, n'kumene kale anausa mvula m'kanyumba ka mayi wina wosauka, amene analibe chowapatsa kupatula moto. Chikonyo chimene anasiya kumeneko ndicho chinautsa mkangano wawo woyamba m'banja, chifukwa a Timoteyo ankati mwambo uja ukunena za pogona, osati pousa mvula. Tsopano bambowo anakananso kupatuka.

"Make Lonjezo, mayi uja anali ndi njala yoonekera m'maso," anatero. "Chikonyo chanu anachiwotcha tisanafike n'komwe pamsewu. Tiyeni kwanu."

Anakwera. Phirilo linali litameteka, makala atadya mitengo imene kale inkatseka dzuwa, koma m'katikati munali mudakali nkhalango ya misuku ndi mitondo, anyani akuwakuwiza ali pamiyala. Kasupe amene anamwapo ali mtsikana anamupeza akutulukabe pansi pa thanthwe lomwelo. Esitele anamwa ndi manja, ndipo anakumbukira kuti tsiku lijalo madziwa anawamwa akulira, akucheukira kumene anasiya amayi ake. Analakalaka masiku amenewo, ngakhale anali a misozi. Malire anawadutsa osawaona, monga ankachitira makolo.

Mng'ono wake Luwiza anamulandira ndi nthungululu, koma nkhani ya mbewu itatuluka anagwetsa nkhope. Anati mudzi wonse unasiya chimangacho kalekale, anthu atatengeka ndi cha haibulidi chimene chimacha msanga, ndipo iye ankadzitonthoza kuti achemwali ake akusunga ku Malawi. Aliyense ankayesa kuti mnzake ndiye akusunga. Esitele anapita kumanda a amayi ake, nakhala pansi, nalira momwe sanalirire ngakhale pa tsiku lokazinga lija. A Timoteyo anaima patali chipewa chili m'manja, ndipo tsiku limenelo sanatchule za manja obooka.

Pobwerera, atatsika phiri n'kufika pamphambano paja, Esitele sanafunse munthu. Anangopatuka, ndipo bambowo anamutsata pambuyo. Mitambo inali itada, ndipo chizimalupsa chinawapeza akulowa m'mudzi. Kanyumba kaja kunalibe, panali nyumba za njerwa zingapo. Mayi wina wa msinkhu wapakati, dzina lake Stelia, anawakodola kuti athawire m'khitchini mwake, nawakankhira mpando pafupi ndi moto.

Utsi unamuluma Esitele m'maso, ndipo potukula mutu anaona kudenga. Zikonyo zinali ndandanda, zomangidwa ziwiriziwiri ndi makoko ake, zakuda ndi mwaye. Anapempha kuti aone chimodzi. Atachipukuta ndi nsonga ya chitenje, njere zofiira zinatuluka pakati pa zoyera.

Stelia, poona chidwi cha mlendoyo, anafotokoza kuti kwawoko amachitcha cha mtengwa. Amayi ake, amene anamwalira chaka cha referendamu, ankasimba kuti tsiku lina la mvula kunadutsa mtsikana wopita ku chitengwa, maso atatupa ndi kulira, ndipo anawasiyira chikonyo chimodzi pamodzi ndi mwambo wake. Amayiwo anagona ndi njala usiku umenewo koma sanachiwotche. Atakolola anagawa khomo ndi khomo, ndipo mpaka lero mtsikana aliyense wokwatiwa kuchokera m'mudzimo amanyamulako. Njala yapitayi mabanja ambiri anadya mbewu yawo, nayenso Stelia anadya yake, koma nyumba ziwiri zinapirira, ndipo zimene zili kudengazo zinachokera kumeneko.

"Amayi ankati mtsikanayo anali wofatsa," anatero Stelia akuseka, "koma mwamuna wake ndiye anali wolongolola. Akuti mpaka kukafika kumsewu mawu ake ankamvekabe."

Esitele anaphimba pakamwa ndi chitenje, osadziwa ngati akuseka kapena akulira. A Timoteyo anakanda kumutu.

"Mayi, wolongololayo ndi ine," anatero. "Mtengwayo ndi awa."

Nkhani inayenda m'mudzi mvula isanakate. Amayi anabwera atafunda masaka kumutu kudzaona munthu amene ankamuyesa wa m'nthano, ena n'kumamugwira dzanja, ena n'kumafunsa ngati uyu ndiye mwamuna uja. Anagona komweko. M'mawa Stelia anamanga zikonyo zitatu m'kansalu. Anapepesa kuti n'zochepa, poti mudzi wonse unali kuyembekezera kugawana zotsalazo. Esitele analandira atagwada, koma asananyamule, a Timoteyo anatenga kamtoloko n'kukalowetsa m'malaya, kunena kuti ulendo uno asunga okha chifukwa manja ena amadziwika.

Njira yobwerera inali ya matope ndi fungo la dothi lonyowa, ndipo m'minda anthu anali atayamba kale kudzala. Bambowo ankayenda dzanja lili pachifuwa ngati wodwala chibayo. Pa Kamwendo Shafi ndi Shamira anawalandiranso, madzi a mapazi n'kutenthanso. Kutacha, atamwa tiyi, anatsanzika pakhonde la golosale. Esitele sananene kanthu za mwambo. Zikonyo zinali zitatu zokha, munda unali kudikira, ndipo zaka zonsezi anali atatopa nalo dzina lija. Anatsika pakhonde n'kuyamba kuyenda.

Atamva kuti kumbuyo kulibe mapazi, anacheuka. A Timoteyo anali atanjuta pamaso pa Shamira, akulimbana ndi mfundo ya kansalu ndi zala zawo zouma. Anasankha chikonyo chachikulu pa zonse, nachipereka ndi manja awiri.

"Musachiwotche, mayi," anatero. "Ngati malo kuseri kulibe, dzalani ngakhale m'mphepete mwa bafa. Mukakolola mugawireko anzanu."

Anamupeza Esitele ataima pamsewu akupukuta m'maso. Anamupatsa kamtolo ka zikonyo ziwiri zotsalazo kuti anyamule yekha, ndipo anapitiriza ulendo wa kwa Dambe.