Tsiku Limene Eveles Anachira

Eveles anabadwa nako kachilombo. Anamuuza ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mayi ake atamwalira kale, ndipo anamuuza ndi namwino, chifukwa a Belita, mayi ake aang'ono amene ankamulera ku Kaduya, mawuwo ankawakanika pakamwa. Zaka zonse za m'mbuyomo iye ankadziwa kuti mapiritsi amene ankamwa tsiku ndi tsiku anali a chifuwa.

Atasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera ya kufupi ndi Chiringa, mtunda unatalika. A Belita anamupezera kachipinda kuseri kwa golosale ya a Zubairi, komwe ankagona ndi mnzake wa m'kalasi dzina lake Rejoice. M'botolo la mankhwala Eveles anaikamo thonje kuti mapiritsi asamachite phokoso, botololo n'kulikulunga m'sokosi yakale, n'kulikankhira pansi pa thumba la ufa. Ankamwa Rejoice akapita kokasamba.

Pasukulu ponse munthu mmodzi yekha ndiye ankadziwa. Anali Hajira, mwana wa a Zubairi. Tsiku lina Hajira anaperekeza agogo ake kuchipatala ku Boma, ndipo anapeza Eveles ali pamzere wa khomo limene aliyense amalidziwa ntchito yake. Anayang'anana. Lolemba lake Hajira anabwera kudzakhala pa desiki ya Eveles, n'kumugawira chinangwa chokazinga.

"Ine sindinaone kanthu," anatero. "Koma ukafuna wokuperekeza, njinga ya ababa imangokhala."

Panalinso Davison, mnyamata wamtali wa m'kalasi momwemo, amene Lachisanu lililonse ankamukweza Eveles pa njinga mpaka pamphambano ya kwawo. Pachitunda ankatsika onse n'kumakankha, akucheza za mayeso, za phiri la Michesi limene Davison ankati adzalikwera mpaka pamwamba, ndi za sukulu ya unamwino imene Eveles ankailota. Kangapo konse mtsikanayo anatsegula pakamwa kuti amuuze, koma chitunda chinkatha iye asanayambe.

Ali Fomu 3, chakumapeto kwa chaka, ufa wa Rejoice unatha. Anapita kukatapa m'thumba la mnzake, ndipo ponyamula thumbalo anaona sokosi ija. Rejoice sanali mtsikana woipa mtima. Anangouza munthu mmodzi, atamulumbiritsa.

Palibe amene anamunyoza Eveles pamaso. Koma akamwa madzi pa ndowa ya m'kalasi, womutsatira ankatsuka kapu nthawi yaitali, kenako n'kuisiya osamwa. Akamadutsa, anyamata a kumbuyo ankafunsana mokweza, "Aise, mayunitsi watopa-apu lero?" kunena za mapiritsi ake aja, n'kumaseka atazolika. Nkhani itafika kwa aphunzitsi aakulu, iwo anaima pa asembule n'kulankhula motalika za kuipa kosalana. Sanatchule dzina, koma mitu yonse inatembenukira pamzere wa Fomu 3.

Lachisanu Eveles anadikira pansi pa mtengo wa mango monga mwa masiku onse. Davison anabwera akukankha njinga, maso ali pa tayala.

"Mayi anga amva," anatero.

"Amva chiyani?"

"Ukudziwa. Bwanji sunandiuze?"

"Ndikanakuuza ukanatani?"

Davison anakanda chishalo ndi chikhadabo. "Tayala lakumbuyoli laphwa," anatero, n'kukwera njinga yomweyo, ulendo.

Rejoice anasamukira kwa azakhali ake. Eveles anatsala yekha m'chipindamo, ndipo ngakhale panalibenso womubisira, ankameza mapiritsi atatseka chitseko. Anayamba kujomba. Hajira ankabwera ndi makope kudzamukopetsa, ndipo nthawi zina ankachita kumukoka dzanja kuti adzuke pamphasa.

Anthu atatha kukolola, kunabwera mneneri wochokera m'tauni. Anamanga tenti pabwalo la mpira, ndi jenereta ndi zimkuzamawu zomveka mpaka kumsika. A Belita anafika Loweruka m'mawa atavala chitenje chatsopano.

"Konzeka, tikupita," anatero. "Anthu akuchira kumeneko. Mayi wina wa ku Migowi wataya ndodo."

"Amayi, kuchipatala anati matendawa sachoka."

"Achipatala ndi anthu. Mkulu wanga anamwa zomwezo, ali kuti lero? Ine ndatopa kukuona ukulozedwa zala, mwana wanga."

A Belita ankalira polankhula. Eveles anali asanawaonepo akulira chimwalirire mayi ake. Anavala nsapato.

M'tenti munali motentha, mukununkha thukuta ndi fumbi. Dzuwa litapendeka, mneneri anafuula kuti pali mtsikana amene magazi ake ali ndi mdima wosaupalamula yekha. A Belita anamukankha pamsana. Eveles anapezeka ali kutsogolo, chimkuzamawu chili pakamwa pake, ndipo ananena yekha pamaso pa khamu lonse chimene anachibisa moyo wake wonse. Dzanja lolemera linamugwira pamphumi, anagwa chagada, azimayi n'kumufunditsa nsalu. Atadzuka anamva mawu akuti, "Wamasuka! Nanga womasuka amayendanso ndi unyolo?"

Pambali pa guwa panali mgolo woyaka moto, mmene anthu ankaponyamo zithumwa ndi mankhwala awo. A Belita anatulutsa botolo lija m'chikwama mwawo. Eveles sanadziwe kuti analitenga nthawi yanji. Analilandira, n'kuliponya. Nthungululu zinamveka bwalo lonse, ndipo anthu amene sankafuna kumwera kapu imodzi ndi iye anamukumbatira.

Miyezi yotsatirayo inali yokoma kuposa ina yonse imene Eveles ankaikumbukira. Analowa Fomu 4 ali wosangalala. Anamuika m'kwaya. Azimayi kumsika ankamuitana, "Mwana wa umboni uja!" n'kumuonjezera tomato. Rejoice anabwera kudzapepesa. Davison anayambanso kumupatsa moni, ngakhale pa njinga sanamukwezenso. M'mawa ankadzuka popanda chomeza, popanda chobisa.

Hajira yekha ndiye sanasangalale. Anamupeza akuchapa pa mjigo.

"Tiye ukayezetse. Ngati wachiradi, makina akanena."

"Kuyezetsa ndi kukayika. Wokayika matenda amamubwerera."

"Eveles, ndiwe amene umakhoza Bayoloje kuposa tonse. Ukudziwa bwinobwino."

"Ndikudziwa kuti kwa nthawi yoyamba anthu akundiona ngati munthu. Ukufuna ndibwerere kuja?"

"Ndikufuna ukhale moyo."

Eveles anafinya bulauzi mwamphamvu. "Zimenezi sungazimvetse. Iwe ndi Msilamu."

Hajira anakonza mpango wake kumutu, n'kunyamula ndowa yake isanadzaze. Koma sanalekere pomwepo. Anapita yekha kuchipatala kukauza namwino, ndipo patapita masiku mlangizi wa zaumoyo anafika ku Kaduya pa njinga yamoto. A Belita anamulandira bwino, anamupatsa mpando, n'kumuuza kuti pakhomopo palibe wodwala. Eveles atamva kumene nkhani inachokera, anasiya kulankhula ndi Hajira. Ankadutsa pakhomo pa golosale nkhope itayang'ana kumsewu.

Mvula itatha anayamba kuonda. Anati ndi kuwerenga. Kenako zilonda za m'kamwa, kenako kutsegula m'mimba kosamva ngakhale madzi a thanzi. Siketi ya yunifolomu anaibweza ndi pini. Chiperoni chitayamba, mayeso a Fomu 4 atayandikira, mutu unayamba kumuwawa. Sunali mutu wamba. Unkagunda kuseri kwa maso usana wonse, ndipo kuwala kwa pawindo kunkamulasa ngati singano.

A Belita anaimbira foni mneneri uja. Anayankha ndi wothandizira wake, amene anati mtsikanayo ayenera kuti watsegulira khomo mdani ndi maganizo okayika, asale kudya masiku atatu. Eveles anasala. Anagona pamphasa akufufuza mumtima mwake pamene anakayikira, ndipo anapapeza: tsiku lililonse, kuyambira pa mgolo paja, kamawu kena kankamufunsa ngati zinali zoona. Choncho anadziwa kuti wolakwa ndi iye.

Anamupeza ndi Hajira, masana ena ataona kuti chitseko sichinatsegulidwe kuyambira dzulo lake. Eveles anali atasanza pamphasa, khosi litauma, akuitana mayi ake omwalira. Hajira anathamangira m'golosale akukuwa. A Zubairi anatsitsa matumba a nandolo amene anali atakweza kale pa kagalimoto kawo, n'kuyalamo matiresi.

Ku Boma anamutulutsa madzi a pamsana ndi jakisoni, n'kunena kuti matenda alowa m'mutu chifukwa chitetezo cha m'thupi chinatheratu. Dokotala anafunsa kuti anasiya liti mankhwala. A Belita anayang'ana pansi. Eveles anakhala m'chipatala milungu yambiri, ali pa diripi. Anzake akulowa m'chipinda cha mayeso, iye anali asakudziwa kuti kunja kwacha kapena kwada.

Mutu unaleka. Koma m'mawa wina Eveles anafunsa a Belita chifukwa chimene sanatsegulire makatani, pamene dzuwa linali litadzaza wodi yonse. Dokotala anamuunika m'maso ndi katochi. Anati mitsempha ya maso inaphwanyika ndi kutupa kwa m'mutu, ndipo sangalonjeze kanthu.

Anabwerera ku Kaduya. A kwaya anabwera kamodzi, anaimba nyimbo ziwiri, osabweranso. Ena m'mudzi ankati mtsikanayo anachimwa mobisa atachiritsidwa, n'chifukwa chake zinamubwerera moonjeza.

Mayeso atatha, Hajira anapalasa njinga kukamuona. Anamupeza pakhonde, lichero lili pamiyendo, akusola nandolo ndi zala zoonda. Nkhope yake inali italoza kumene kunalibe kanthu.

"Ndi ine," anatero Hajira.

"Ndamva belu la njinga ya a Zubairi." Eveles anasuntha pamkeka kumupatsa malo. "Zija ndinanena pa mjigo zija..."

"Zisiye."

"Bayoloje inabwera bwanji?"

Hajira sanafune kunena, koma Eveles anaumirira. Choncho anayamba kutchula mafunso amene ankawakumbukira: ntchito ya impso, kayendedwe ka magazi mumtima, mmene mbewu imamwera madzi m'nthaka. Eveles ankayankha lililonse, mofulumira, zala zili pa nandolo. Pa funso la mtima anamukonza Hajira pamene anasokoneza. Kenako mafunso anatha.

"Ndikanakhoza," anatero Eveles.

"Ukhoza kudzalemba. Ziliko sukulu za anthu osaona. Ababa akuti afunsa."

Eveles anagwedeza lichero kuti makoko abwere pamwamba.

Nthawi yomweyo a Belita anatulukira kuchokera kudimba, khasu lili paphewa. Anali ataonda nawonso. Anamupatsa moni Hajira mwaulemu, anathokoza za galimoto ija, kenako anakhala pansi pafupi ndi mwana wawo n'kutsitsa mawu, ngati kuti mlendoyo sakumva.

"Ndakumana ndi mayi a Gracious kumadzi. Akuti ku Mulanje kwabwera wina. Si ngati uja ayi, uyu ndi weniweni. Akuti mnyamata wina wosaona chibadwire anawerenga Baibulo pamaso pa anthu."

"Amayi," anatero Hajira, "mankhwala asadzasiyenso, chonde."

"Ndani wanena zosiya? Ine ndikungofuna mwana wanga aone." A Belita anatembenukira kwa Hajira. "Ndinamulakwira ndine. Ndisiye kuyesa?"

Hajira anayang'ana mnzake, kudikira kuti akane. Eveles anapitiriza kusola. Nandolo zina zinagwera pansi, nkhuku n'kuthamangira, iye osadziwa.

"Ku Mulanje ndi kutali," anatero pomaliza. "Mudzandigwira dzanja pokwera minibasi?"

"Ndidzakugwira, mwana wanga."

Hajira anatsanzika dzuwa likadalipo. Palibe amene anamuperekeza, chifukwa a Belita anali atalowa m'nyumba kukafuna nambala ya foni ya mayi a Gracious. Anakankha njinga mpaka kumsewu, koma atafika poti akwere, sanakwere. Anaima pomwepo atagwira mahandulo, ngolo ya ng'ombe n'kumudutsa, fumbi lake n'kumukuta.