Mpini wa Damiano

"Ayambanso amuna anu," anatero Rafaelo wophika kwa Bernadetta, akutuluka m'khitchini chafutambuyo. "Auzeni kuti ine ndilibe nawo mlandu."

Gu! Gu! Gugugu! Mapaipi a kuseri kwa nyumba ya ansembe ankagogoda ngati mlendo wodziwa kuti eni nyumba alimo. Kunali kutacha, koma nkhungu inali itameza phiri lonse. Bernadetta, amene ankachapa zovala pamishonipo, anaika dengu pansi n'kumvetsera. Ena onse phokosolo linkawaimitsa tsitsi. Iye linkamukhazika mtima pansi.

Mapaipiwo anawalumikiza ndi mwamuna wake, Damiano, pothandiza mzungu wina wa pamishoni. Pansi panali ng'anjo, pamwamba mgolo. Paipi imodzi inkakweza madzi otentha kumgolo, ina n'kutsitsira ozizira kumoto, madzi n'kumangozungulira okha. Kenako nkhondo ya Ajeremani inabwera, Damiano n'kutengedwa kukasenza katundu wa asilikali. Anzake atabwerako anati anamusiya panjira, malungo atamugwira. Manda ake palibe anawaona. Choncho Bernadetta anakana kumeta maliro, ndipo abale analankhula mpaka pakamwa kuuma.

M'mawa umenewo kunabwera Gerevazio, mkulu wake wa Damiano, atanyamula nyundo. Ansembe anali atatopa ndi kusamba madzi ozizira mwezi wa Juni, ndipo anamutuma kuti aone chavuta.

"Alamu, musakhudze," anatero Bernadetta. "Ndi momwe ankagogodera pakhomo. Akundiuza kuti ali moyo. Madzi saiwala khwawa, abwera."

"Mng'ono wanga anali waulesi polankhula, mlamu," anayankha Gerevazio. "Lero ndiye achite kulongolola m'chitsulo?"

Anaseka yekha, koma kusekako sikunapite patali.

Anayamba ndi mgolo. Madzi analimo, koma ozizira ngati a pachitsime. Anagwira paipi yotsika, inali yozizira. Atagwira yokwera pafupi ndi ng'anjo anachotsa dzanja msanga, koma cha pakati pake inali yofunda chabe. Anaitsata pang'onopang'ono mpaka kuseri kwa mulu wa nkhuni, kumene munthu sankafikako. Ali kumeneko anaitana Bernadetta.

"Mlamu, tabwerani."

Bernadetta anapita. Paipi ija, m'malo mokwera, inali itagwa pakati ngati msana wa nkhalamba. Mtengo umene unkaichirikiza unali utadyedwa ndi chiswe n'kuthyoka.

"Madzi otentha safuna kutsika," anatero Gerevazio motsitsa mawu. "Akafika apa akuima, n'kuwira, nthunzi n'kumamenya chitsulo. Kugogoda kuja ndi kumeneku."

Bernadetta sankamva. Maso ake anali pa mtengo wothyokawo. Unali mpini wa khasu, ndipo chakumapeto kwake kunali kamtanda kotentha ndi chitsulo chamoto, chizindikiro chimene Damiano ankaika pa zinthu zake zonse. Anakumbukira tsiku limene anausowa mpiniwo n'kukangana naye, iye akungomwetulira osanena kumene anaupititsa.

Gerevazio anadula mtengo wa muwanga, nakweza paipi ija, n'kuichirikiza. Rafaelo anasonkhezera moto ataima patali, wokonzeka kuthawa. Anadikira. Paipi inalira kamodzi, mofooka, kenako madzi anamveka akuyenda bwinobwino kukwera kumgolo.

"Atha!" anakuwa Rafaelo. "Mzukwa wachiswe!"

Bernadetta anaimabe pomwepo, khutu lili kuchitsulo, mpaka nkhungu inayamba kuyera ndipo mgolo unafunda. Sipanamvekenso kanthu. Zaka zonsezi pamishonipo panali pasanakhale zii chotere, ndipo anazindikira kuti mawa adzabwera kudzachapa popanda womulonjera.

Anawerama natola zidutswa ziwiri za mpini uja. Zinali zopepuka, m'kati muli dothi lokhalokha. Anazikulunga ndi nsalu yake yakumutu mosamala, monga amakulungira munthu.

"Alamu," anatero, "kwanu munthu akafera kutali mumaika chiyani m'manda?"

"Chilichonse chimene manja ake anagwira."

"Ndiye uzani abale akumbe. Mubwerenso ndi lumo."