Makutu Akupsa

Mwamuna wanga sanafe ndi matenda. Lole inamugunda ikubwerera m'mbuyo pa geti la shopu yowotcherera zitsulo ya mkulu wake, dzuwa likuswa mtengo. Dalaivala analiza hutala, anthu anakuwa mpaka kusasa mawu, iye osatembenuka n'komwe. Sanamve. Makina opalira zitsulo anali atamudya makutu kalekale.

Ndikudziwa chifukwa ndinapita naye kuchipatala asanamwalire. Ine sukulu ndinalekezera kupulayimale, koma maso ndili nawo. Mayi woyeza makutu anatenga khutu lapulasitiki lalikulu ngati mbale n'kuliphwasula pamaso pathu. Anati mawu amamenya kachikopa kam'kati, kachikopako kamagwedeza timafupa titatu, timafupato timakankha madzi amene ali m'kanthu kopiringizika ngati nkhono. M'nkhonomo muli ubweya wosaoneka ndi maso, woimirira ngati udzu. Madzi akagwedezeka, ubweyawo umawerama n'kutumiza uthenga ku ubongo.

"Phokoso lalikulu limaupondaponda," anatero. "Ukafa sumeranso. Palibe jekeseni, palibe piritsi."

Anamupatsa zotseka makutu zonga timbale tiwiri tolumikizidwa ndi lamba, kuti apulumutse wotsalawo. Mwamuna wanga ankangogwedeza mutu akumwetulira. Sanamve n'chimodzi chomwe, ndipo sanazivale.

Maliro atatha, alamu anga, eni shopu ija, anatenga mwana wanga wachisamba kuti alowe pamalo pa bambo ake. Ndinavomera, pakuti m'nyumba mumafunika chakudya. Koma ndinamukoleka timbale tija m'khosi ndekha.

Tsono amuna a m'shopumo ali ndi nzeru yawo yopusa. Amati khutu liyenera kupsa. Munthu watsopano amamva mutu, m'makutu mumalira, iwo n'kumaseka kuti akadali wamuwisi. Tsiku limene phokoso lasiya kumupweteka amamuwombera m'manja, amati makutu apsa, n'kumupatsa makina aakulu. Wotseka makutu amamutcha mwana wa amayi.

M'mawa wina ketulo inalira pambaula, mwana wanga atakhala pafupi nayo akumanga nsapato. Inalira, inalira, iye osadzutsa mutu. Ndinaiphula ndekha.

"Iwe, sunamve ketulo?"

"Iti?" Kenako anaseka. "Amayi, makutu anga ayamba kupsa. Bambo aakulu akuti lero andipatsa makina aakulu."

Mawu omwewo anandiuzapo bambo ake, tili achinyamata, nkhope ili mwee.

Atangotuluka ndinasuzumira kunsi kwa bedi lake. Timbale tija tinali mmenemo, titachita fumbi. Ndinatitola n'kumulondola, mbale zosatsuka ndinazisiya choncho.

M'shopumo munkamveka ngati kumwamba kukung'ambika. Moto unkathetheka paliponse, fumbi la chitsulo likulowa mpaka m'mano. Mwana wanga anali atagwira kale chimakina chija, amuna atamuzungulira. Ndinkadziwa pamene pali swichi yaikulu, pakhoma, kuseri kwa chitseko, pakuti ndinkabweretsera malemu chakudya mmenemo. Ndinaikokera pansi.

Zii.

"Mlamu, mwapenga?" anakuwa alamu anga. Iwo salankhula, amangokuwa, ngakhale kutchalitchi.

"Ndapenga, inde. Mng'ono wanu munandibwezera m'bokosi. Uyu mukufuna mundibwezere bwanji?"

"Ngozi ndi ngozi, mlamu! Ine ndakalambira muno, makutu anga ali bwinobwino!"

"Ali bwino?"

Ndinaona kuti maso awo ali pamilomo yanga, monga ankachitira malemu. Ndinavula mpango n'kutseka nawo pakamwa, ndipo ndinalankhula mawu wamba, ngati a m'khitchini.

"Alamu, ngati mukundimva, kwezani dzanja."

Anangondiyang'ana.

"Alamu, shati yanu ikupsa kumbuyo."

Sanasunthe. Mkulu wina wowotcherera, wa imvi mbuu, anafunsa mnzake mokuwa, "Akuti chiyani mayiwa?" Mnzakeyo anatambasula manja. Mwa amuna onse aja, okupsa makutuwo, panalibe amene anamva.

Mpango ukadali pakamwa, ndinatembenukira kwa mwana wanga. Nkhope yake inali itagwa.

"Nanga iwe ukundimva?"

"Ndikumva, amayi. Koma chapatali. Mukulira nzii."

"Ndi udzu wa m'khutu umenewo, waponderezedwa. Wina udzuka, wina wapita. Kupsa kumene akukuwombera m'manjaku ndi kufa. Bambo ako makutu anapsa kwambiri kuposa onsewa, lero ali kuti?"

Ndinamutambasulira timbale tija. Sindinamukoleke ulendo uno. Ndi wamkulu, ndevu zinamera.

"Muno simuvalidwa zachibwanazo!" anakuwa alamu. "Akavala, aiwale makina aakulu! Azikasesa!"

"Asesa," ndinatero nditachotsa mpango kuti andione bwino pakamwa. "Wosesa amamva hutala."

Mwana wanga anayang'ana chimakina chija, n'kuyang'ana kugeti kumene inaima lole ija. Anaika makinawo pansi. Anatenga timbale tija, anapukuta fumbi ndi shati, n'kuvala.

"Mwana wa amayi!" anatero wina. Enawo anaseka chikhakhali.

"Ndi wanga kumene," ndinayankha. "Anu amayi anakutayani?"

Swichi ndinaikweza ndekha, kuti asadzanene kuti ndinawatsekera shopu.

Anasesadi, mpaka alamu anatopa kuona manja odziwa ntchito akugwira tsache. Pano wabwerera pamakina, timbale tili kumutu. Amamunenabe, koma akavala sawamva, ndiye amangodzivutitsa. Alamu sandipatsa moni, ndipo sindinaonde nazo.

M'mawa uliwonse ndimateleka ketulo, ikawira ndimaisiya dala ilire. Ndimaima pakhomo la khitchini mpaka mwana wanga akuwe kuchipinda kuti, "Amayi, ketulo yanuyo ikutisokosa!"