Ponya

Chimwalirire Victor, timu ya basiketibolo imene anayambitsa ku Lewisham inkangogonja. Mng'ono wake Sekani ndiye anatsala ndi ukochi, pamodzi ndi thumba la mipira lonunkhabe mafuta amene malemuwo ankadzola. Mu ligi ya Amalawi ndi Azambia a mu London, timu yotsiriza ndiyo imayamba kusankha osewera atsopano, koma ikatsirizanso chaka chotsatira imachotsedwa. Iwo anali atatsiriza kale kamodzi.

Sekani anasankha Lushomo, mnyamata wobadwira ku Edmonton, mwana wa Azambia, wamtali ngati mlongoti. Poyeserera payekha sankaphonya. Koma pa gemu, akafika pansi pa neti anzake n'kukuwa kuti "Ponya!", iye ankangoudunda mpira pansi n'kupatsira wina.

Kochi wa ku Romford anamva fungo. Anapempha kuti amutenge Lushomoyo, iye apereke osewera awiri okhwima.

"Coach, tiyeni tipange trade," anatero Biswick, kaputeni wa timu. "Kutalika kokha si dilu, nayonso nsungwi ndi yaitali. Mufuna timu ya achimwene anu nayonso imwalire?"

Mawuwo anamulasa Sekani. Anthu amene analephera kubwera ku maliro chifukwa cha ma shift ndi amene tsopano ankadziwa kutchula Victor. Anangoti adzayankha gemu ya Loweruka ikatha.

Lowerukalo, pofika pa theka, Lewisham inali kumbuyo ndithu, ndipo Lushomo anali asanagoletse. Sekani anali atayamba kale kufufuza nambala ya kochi wa ku Romford pamene mayi wina wovala yunifomu ya ku care home, kosamalira okalamba, anatsika pa mabenchi.

"Ndimwe a coach? Ndine amake Lushomo. Nanga mwana wanga mumuuzila chani ati aponye bola?"

"Mayi, osaponya agoletsa bwanji?"

"Iye! Kwathu ku Lusaka kuponya ni kugwetsa pansi! Akaponya cup ku nyumba nimamukalipila. Apa imwe mukuwa ponya, ponya, mwana achite bwanji?"

Sekani anatembenukira Lushomo. Mnyamatayo anayankha m'Chingerezi, maso ali pansi, kuti ankadabwa nazo, koma anaphunzitsidwa kusatsutsa akuluakulu.

Kuseka kunamutuluka Sekani mosapempha, kuseka kumene anali atakuiwala, mpaka misozi. Biswick anagwira pakamwa.

"Kuyambira pano aliyense wonena mawu amenewo akhala pa benchi," anatero Sekani. "Iwe Lushomo, ukaona neti, shuta. Wamva?"

Zimene zinatsatira, a timu inayo sadzaziiwala. Lushomo anagoletsa ali pafupi, anagoletsa ali patali, kenako analumpha n'kuukhomera mpira mu neti mpaka chitsulo chinanjenjemera. Manesi amene anabwera molunjika kuchokera ku ntchito analulutira ngati pa ukwati. Biswick, yemwe uja wa nsungwi, ndiye ankamusakasaka ndi mpira, akukuwa "Shuta, mfana!" mpaka mawu anasasa. Wezulo yomaliza inapeza Lewisham ili patsogolo, ndipo kwa nthawi yoyamba inachoka pansi pa ligi.

Foni inalira Sekani akutuluka mu holo. Anali kochi wa ku Romford, tsopano akuti apereka atatu.

"Pepani bwana," anatero Sekani. "Uyu ndi wathu. Tionana pa court."